Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Nyimbo za m'bala ya ku Bristol

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinapeza ganyu m'bala ya hotela ina ku Bristol, mzinda wa ku England. Ntchito yanga inali kutolera matambula ndi kupukuta matebulo, koma abwana anga, mayi wina wa ku Spain, anandiwonjezera ina yosintha ma CD. Lamulo lawo linali limodzi: pasamveke nyimbo yodzutsa munthu pampando.

Kwa ine wokulira ku Ndirande, komwe nyimbo ikalira fumbi limayenera kuti koboo, zimenezi zinkandisowetsa mtendere. Ng'oma yoyenda mokoka miyendo, woimba wongonong'ona, pena osamveka n'komwe. Iwo ankati ndi lounge, nthawi zina downtempo.

Mayiwo anagwirapo ntchito ku Ibiza, chilumba cha ku Spain, ndiye tikamatseka usiku ankandifotokozera. Ku Sant Antoni, tawuni ya pachilumbacho, kuli bala yotchedwa Café del Mar, yomwe inatsegulidwa mu 1980. DJ wina, José Padilla, ankasankha nyimbo zoyenda ndi kulowa kwa dzuwa panyanja, ndipo mu 1994 zinayamba kutuluka pa CD n'kufalikira m'mabala a dziko lonse lapansi. Ku London nako, cha mu 1989, makalabu ena anali ndi chipinda chapadera choti otopa ndi kuvina akapumeko. Gulu la The Orb linkaimba m'chipinda chotere, ku kalabu ya Heaven.

Koma chimene chinandigwira mtima chinali pakhomo pompo. Magulu oimba a Massive Attack, omwe chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1991, ndi Portishead, omwe chawo chinabwera mu 1994, ndi a ku Bristol konko. Ndikamvetsera bwino pansi pa nyimbo zawo ndinkamva besi yolemera ya dub, mtundu wina wa rege, ndipo besi imeneyo ndinkaidziwa kale, chifukwa kwathu rege tinayamwira. Ku Bristol besiyo inachokera kwa anthu a ku Jamaica a m'dera la St Pauls, ndi zimkuzamawu zawo zosanjikiza ngati khoma.

Ma CD ena sindinagwirizane nawo mpaka lero. M'zaka za m'ma 1950 ku America, anthu ngati Les Baxter ndi Martin Denny ankapanga nyimbo zoyerekezera maiko akutali, Denny mpaka kuikamo kulira kwa mbalame ndi achule, kuti womwa mowa azidziona ngati ali pachilumba. Khalidwe limeneli silinathe. Buddha-Bar ya ku Paris, yotsegulidwa mu 1996, inatchukitsa zotenga mawu a woimba wa ku India kapena Arabia n'kuwayala pa ng'oma yofewa. Ena anatero ndi mawu a kuno ku Africa. Patebulo palibe ankafunsa kuti mayi akuimbayo akulira maliro kapena akutonthoza mwana.

Ndinawauzapo abwana zimenezi. Anangoseka, nati, "Iwe, alendo akamakhalitsa amagulanso botolo lina." Loweruka lotsatira ndinapempha tchuthi n'kupita ku St Pauls kukasaka ma rekodi a dub, ndipo kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi mnyamata wa ku Zomba amene anadzandipezera chipinda chotchipa. Za iyeyo, gawo likubwerali.