Giriti amasweka, nkhani yonse yagona pamenepo

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Tonse amene tili ndi tumbler, makina ozunguza chigubu posalaza miyala, timawadziwa pamtima manambala a giriti, tinjere topera miyalayo: kuyambira wokhakhala 60/90, kubwera 120/220, 500 wa tinjere tating'ono, kenako polishi wowalitsa. Chimene chandilowa m'mutu posachedwapa n'chakuti giriti wa silicon carbide sakhala momwe unamuthirira m'chigubu. Amasweka.

Tinjere take n'tolimba zedi, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala timapitirira pang'ono 9 pamene quartz ali pa 7, koma sitichedwa kuphwanyika. Miyala ikamagundana, kanjere kalikonse kamagawika n'kutulutsa nsonga zatsopano, zakuthwabe koma zazing'ono. Pofika kumapeto kwa sabata, amene unathira ngati 60/90 salinso 60/90. Tapisani chala m'matope aja mumve: kukhakhala konse kwatha, angotsala see. Ndiye chigubu chizizungulira masabata awiri kapena atatu osathira giriti watsopano, mwala susintha maonekedwe, ukungosalala pamwamba basi. N'chifukwa chake amati tsuka, thira wina. Ine ndinkamva lamulolo, koma palibe anandiuzapo kuti limachokera pa kusweka kwa njere.

Ukangogwira pamenepa, zinazo zimabwera zokha. Wosema mwala ndi giriti woyamba yekha, ndipo amasema masiku oyambirira akadali wamkulu. Wa 120/220 ntchito yake ndi kufufuta timizere timene 60/90 wasiya, wa 500 afufute ta 220, polishi amalize. Palibe mmodzi wa atatuwa angachotse kadzenje kapena mng'alu. Chimanga ukapanda kukonola bwino, kuchigayo sukatulukako ndi ufa woyera. Komanso kadzenje kotsalako ndi kamene kamabisa njere ya giriti woyamba, n'kukaitaya m'polishi, miyala yonse n'kutuluka yambuu.

Njira yanga tsopano ndi imodzi, ndipo ndingaikanganire ndi aliyense: tsuka mwala, uyanike padzuwa mpaka uume gwa, kenako uyendetse chikhadabo paliponse. Mwala wonyowa umanama, uliwonse umaoneka wokongola. Pamene chikhadabo chakodwa ndimalembapo ndi maka, mwalawo n'kubwerera ku 60/90 watsopano. Osalala okhaokha ndimawasunga m'botolo mpaka akwane kudzaza chigubu magawo awiri mwa atatu. Ena amakamba za timipira ta pulasitiki toteteza miyala m'chigubu, ena za zigubu ziwiri, ena za tumbler wina wonjenjemera m'malo mozungulira. Kwa ine chikhadabo chikuposa zonsezo, ngakhale ndikudziwa kuti mnzanga wina akawerenga izi aseka.

Kuno kwathu vuto lina ndi kusakaniza. Tizidutswa totsala tochokera ku Lundazi timabwera pamodzi, quartz, tourmaline wakuda, nthawi zina ka aquamarine kong'ambika kamene ogula akakana. Pa sikelo ya Mohs ija, aquamarine ali pakati pa 7.5 ndi 8, feldspar womatirira pambali pake ali cha pa 6. Ukaziponya chigubu chimodzi, giriti amadya wofewayo msanga, wolimbayo asanayambe n'komwe kubulungira m'mbali. Malachite wa ku Copperbelt, amene safika ndi pa 5 pomwe, musamuyandikize. Amethyst wa ku Mapatizya, kum'mwera kwa Zambia, ali pa 7 ndithu, koma amathetheka m'mbali chigubu chikakhala chosadzaza bwino.

Wina anandifunsa chifukwa chimene sindingokatapa mchenga ku Lutembwe, poti giriti m'mashopu a m'Chipata muno ine sindinamuonemo, timachita kuitanitsa kudzera ku Lusaka. Mchenga wambiri wa mumtsinje ndi quartz yemweyo. Zofanana kulimba zimaperesana pang'onopang'ono kwambiri, ungadikire mpaka imvi. Silicon carbide sachokera mumtsinje, ndi wopanga. Edward Acheson wa ku America anamutulukira mu 1891 akuyesa kupanga dayamondi.

Chimene chimandinyansa ndi kaphunzitsidwe. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amangoti sabata imodzi, sabata imodzi, supuni ziwiri zazikulu pa paundi iliyonse ya miyala, ngati kuti ndi mankhwala a kuchipatala. Sabata yawo ndi ya magetsi osazima usana ndi usiku. Kwathu kuno makina akaima maola ambiri, giriti amakhazikika pansi n'kugwirana, magetsi akabwera chigubu chimazungulira koma ntchito yochepa, mpaka uchite kuchitsegula kapena kuchigwedeza. Ndiye sabata yanga ndiiwerenge bwanji? Bambo wina amene anandionetsa makinawa poyamba, ukawafunsa amangoti, "Mudzaona nokha, aphwanga." Ulemu ndimawapatsa, miyala yawo imanyezimira zedi, koma mawu awiri okha onena kuti giriti amaphwanyika akanandipulumutsira miyezi. Nthawi nayonso ilibe chisoni, munthu ukaweruka kuntchito watopa, kutsuka chigubu, kukataya matope kuseri chifukwa mu sinki amauma n'kutseka mapaipi, kwada kale.

Pali funso limene likundizunguzabe. Ngati 120/220 amasweka yekha n'kusanduka wosalala, bwanji osangomusiya masabata awiri, n'kudumpha 500? Ndamva kuti ena amatero. Koma amene amagwiritsa giriti wina, wa aluminium oxide, asanafike pa polishi amati njere zake sizisweka ngati za silicon carbide, zimaperesekera n'kukhala zobulungira, ndipo ndiko kumathandiza kuti mwala uyambe kuwala. Ngati zili choncho, ndiye kudumphako kungapulumutse ndalama koma kuwala n'kuchepa. Chigubu changa chili pa 220 pano, ndachisiya dala kuti chipitirire. Mwina pa quartz zitheka, pa tourmaline uja ndikukayika. Ndipo zikatuluka zambuu, kaya ndidzaloza chala giriti kapena magetsi, sindinaganize bwino.