Zikomo Malume, K53 yatheka

Abale anga a kuno ku Joni ndi a kumudzi, zatheka. Ndakhoza mayeso oyendetsa galimoto otchedwa K53 lero m'mawa, Code 8, laisensi ya galimoto zazing'ono, ndatenga. Panopa ndili ndi pepala longoyembekezera, khadi lenileni lidzatuluka pambuyo. Manja akunjenjemerabe pamene ndikulemba izi. Mulungu wamoyo alemekezeke, wandiona ine mwana wake.

Mukudziwa kale mmene zinalili. Pepala la learner's, lophunzirira kuyendetsa, limagwira ntchito miyezi 24 basi, langa linali litatsala pang'ono kutha, ndipo abwana anali atanenetsa kuti popanda laisensi ntchito yoperekera katundu ija apatsa wina. Za kudikira tsiku la mayeso sindibwerezanso, munatopa nako kudandaula kwanga.

Malume, ndiyambire pati? Mumaweruka mbandakucha ku bekale, koma Lamlungu masana m'malo mogona mumabwera ndi pikapu yanu kudzanditenga ku Mayfair. Kuseri kwa tchalitchi kuja mumadzaza mchenga m'zidebe za penti n'kuzikamo mipini ya matsache kuti akhale mapolo, mukuyeza ndi tepi ngati mmisiri. Kenako mumakhala pambali panga ndi kope la ana asukulu, nkhope yosaseka, kulemba chilichonse chimene ndaphonya monga amachitira woyesa.

Ndinu amene munandimasulira mmene amawerengera. Munati pabwalo amakupatsa mphindi 20 ndi masekondi 59, ndipo mapointi olakwa akapitirira 50 wagwa, pamsewu sufikako n'komwe. Pamsewu amalola mapointi 8 pa mphindi iliyonse imene wayendetsa. Koma pali zina zosawerengera pointi: kugunda polo, kukwera m'mphepete mwa msewu, galimoto kubwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono ponyamuka pamtunda, kuswa lamulo la pamsewu. Pamenepo mayeso amathera pomwepo. N'chifukwa chake munkaika bokosi la machesi kuseri kwa tayala la kumbuyo tikamayeserera pamtunda, n'kunena kuti, "Mphwanga, kilatchi igwire kaye, umve galimoto ikukoka, ndiye utsitse handibuleki." Bokosi lija ndalisunga, silinaphwanyike.

Ndipo nkhani ya maso! Kalilole wam'kati, kalilole wam'mbali, kucheuka kuona kumene kalilole safika, kenako indiketa. Munkati woyesa sawerenga za mumtima, mutu uzitembenuka iye aone. Lero pa alley docking, ndikulowa chafutambuyo pakati pa mapolo, mawu anu ndi amene ndimamva. Woyesa sanayankhule kanthu njira yonse, amangolemba, mpaka tabwerera pabwalo ndi pamene anandiuza kuti ndakhoza. Ndinatuluka miyendo ilibe mphamvu, ndipo munali chiimire kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa, musanagone chiwerukireni.

Ndikuthokozanso mphunzitsi wa kusukulu yoyendetsa amene anandibwereka galimoto yoyesera ndi kundiloweza zoyang'ana pagalimoto usanakwere, matayala, magetsi, mawaipa, zonse. Amayi a mapemphero a Lachitatu, zikomo, uthenga wanu wa usiku wathawu ndinauwerenga ndili pamzere. Amayi anga ku Mangochi, mwasala kudya chifukwa cha ine, tsopano idyani. Alamu anga, ndalama ya petulo ija ndibweza kumapeto a mwezi.

Ena munkandiuza kuti ndisadzivute, ndingopereka ya kokakola kwa munthu amene mukumudziwa. Ena galimoto zanu zimakhala zowonongeka nthawi zonse ndikakupemphani, koma Loweruka timaziona ku phwando. Sindikusunga chakukhosi, koma ndinaona, ndipo zinandipweteka. Laisensi iyi ndaitenga ndi thukuta langa ndi la Malume, palibe amene wapatsidwa kangachepe.

Malume, kilatchi ya pikapu yanu inavutika nane ndipo simunadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Malipiro anga oyamba tikaionetse kwa makanika, musakane chonde. Azakhali, zikomo potibwereka amuna anu Lamlungu lililonse. Mulungu akudalitseni, akupatseni moyo wautali, ana anu adzapeze owagwira dzanja monga mwandigwirira ine.

Lolemba ndikukaonetsa pepalali kwa abwana. Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi bwerani kunyumba, kuli nsima ya nkhuku. Malume ndi Azakhali ndidzakutengani ndine.