Mmene ndinalowera m'tepi ya ukwati wa mlamu wanga

Apongozi anga aamuna a ku Katoto anandipatsa kamera ya Sony Handycam ndi matepi 6 a MiniDV kuti ndisamutsire zonse mu kompyuta, poopa kuti chinyezi cha Mzuzu chiwononga matepiwo ndi nkhungu. Imene ankaidera nkhawa kwambiri inali ya ukwati wa mwana wawo woyamba, chifukwa inalipo imodzi yokhayo. Ine, pofuna kutchuka kuchikamwini, ndinati: "Bambo, musadandaule, makompyutawa ndimawadziwa ngati kuphazi kwanga."

Mavuto anayambira pa chingwe. Kamera zoterezi zimatumiza kanema kudzera pa chingwe cha FireWire, chimene a Sony amachitcha i.LINK, ndipo laputopu yanga inalibe polowetsa chingwecho. Nditazungulira msika wa Taifa osaphula kanthu, mnzanga wa ku Luwinga anandibwereka chikompyuta chakale cholira ngati chigayo. Anandichenjezanso kuti tepi ya mphindi 60 imatenga mphindi 60 zomwezo kuti ilowe, ndipo imadya malo okwana 13 GB. Anatchulanso za kabatani kakang'ono ka pa tepi kamene munthu amakakankhira ku SAVE kuti tepi isajambulidwenso, koma pamenepo n'kuti ndikungogwedeza mutu ngati katswiri.

Loweruka masana, akazi anga atapita kumsika, ndinaonera mphindi zochepa zoyambirira za ukwatiwo, ndipo pofuna kuyamba ntchito yeniyeni ndinatembenuza kabatani ka pa kamera kuchoka pa VCR, poonerera tepi, kupita pa CAMERA, pojambulira, kenako ndinadina batani lofiira, chifukwa m'maganizo mwanga kusamutsa n'kujambula komwe. Nditaona nkhope yanga pa sikirini ndinaganiza kuti makinawo akungondipatsa moni, choncho ndinazimitsa sikiriniyo kuti ndisunge mayunitsi a magetsi. Ndinavula malaya, ndinatenga mumphika miyendo iwiri ya nkhuku imene inasungidwira alendo a Lamlungu, n'kukhala pampando moyang'anizana ndi kamera. Ndinaimbiranso mnzanga uja foni n'kumufotokozera mwatsatanetsatane kuti apongozi anga ndi oumira, moti ntchito yonseyi sandipatsa ngakhale ya minibasi.

Lamlungu banja lonse linasonkhana pabalaza pathu, ndipo ndinatsegula kanemayo monyadira, osayamba ndamuonera. Panatulukira mimba yanga. Ndinalumphira kompyuta n'kuizimitsa mawu asanamveke, ndikunena kuti yalowa vairasi.

"Zisiyeni za kompyutazo, akamwini," anatero apongozi modekha. "Lumikizani kamerayo ku TV, tionere pa tepi penipeni monga tinkachitira kale."

Mtima unakhala pansi pamene mkwatibwi anaoneka akulowa m'tchalitchi, amayi akululutira. Atangofika pakati pa mipando, chithunzi chinagwedera, ndipo m'malo mwa abusa ndinabwera ine, wopanda malaya, ndikuswa fupa ndi mano. Apa apongozi anaika dzanja pa kamera kuti wina asaikhudze, ndipo tinaonera mpaka kumapeto, pamodzi ndi nkhani ya minibasi imene inamveka bwino kuposa kwaya.

Akazi anga anangoti, "Ndiye paja munati ndi mphaka." Apongozi anadzuka, anapisa m'thumba la jekete, nandiikira ndalama patebulo.

"Ya minibasi ija, akamwini. Matepi 5 otsalawo ndipatseni pompano."