Momwe tinazungulira Glencoe Lochan pa sikuta

Chidwalireni sitiroko zaka zitatu zapitazo, bambo a kunyumba anali asanapondeko m'nkhalango. Munthu wokulira ku Zomba, wozolowera kukwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi, ankangokhala pazenera pano pa Glasgow kuyang'ana magalimoto. Zinkandiwawa kwambiri. Mu Meyi ndinaganiza zowatengera ku Glencoe Lochan, kanyanja kakang'ono ka m'mapiri a kumpoto kwa Scotland.

Ndinayamba ndi webusaiti ya Forestry and Land Scotland, bungwe la boma losamalira nkhalangozi. Njira iliyonse amalemba kutalika kwake, kukwera kwake ndi momwe pansi palili, ndipo mawu amenewo ndinawawerenga kangapo. Pamalopa pali njira zitatu. Woodland Trail ndi Mountain Trail n'zokwera, musaziyese ndi njinga ya olumala. Yathu inali Lochan Trail, yozungulira madziwo, makilomita 1.6 basi.

Usiku wake ndinatchaja batire ya sikuta, kanjinga ka magetsi ka anthu ovutika kuyenda, mpaka kudzaza. Sikuta yathu ndi yaing'ono, yomasula zidutswa n'kulowa m'buti, ndipo sipitirira mamailosi 4 pa ola. Ndinalongedzanso njinga ya olumala yokankha kuopera kuti batire ingatithere pakati pa njira, Blue Badge (chiphaso choimikira galimoto pamalo a anthu aulumali), ndi kiyi wa RADAR wotsegulira zimbudzi za anthu aulumali.

Tinatsata msewu wa A82, kudutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond ndi chipululu cha Rannoch Moor, maola awiri ndi kupitirira. Tinayamba taima m'mudzi wa Glencoe kuti bambo adzithandize. Zimenezi chitirenitu musanalowe m'nkhalango.

Poimika magalimoto ndinamanga sikuta ija, n'kuwathandiza kukhalapo, mwendo wofookawo ndikuunyamula ndi manja. Njirayo ndi yotakata, ya timiyala totsendereka bwino, koma ili ndi tizitunda tating'ono. Pa kachitunda koyamba sikuta inayamba kulira, ine mtima phaa, n'kugwira kumbuyo kwa mpando. Ndinaphunzira kuti pokwera osaima pakati, ndipo potsika kuchepetseratu liwiro usanafike potsetsereka. Ndi njinga yokankha mungathenso, koma wokankhayo akhale wa mphamvu, pakuti timiyala timagwira matayala aang'ono a kutsogolo.

Titangotulukira pamadzi bambo anaimitsa sikuta. Phiri la Pap of Glencoe linkaoneka lonse m'madzimo, madzi ali zii. Ndinawafotokozera zomwe ndinawerenga: Lord Strathcona anagula dera lino m'zaka za m'ma 1890, n'kubzala mitengo yochokera ku North America kuti mkazi wake Isabella, wa ku Canada, asamapukwe kwawo. Bambo anakhala chete nthawi yaitali, akununkhiza mpweya. Kenako anati, "Mayi, fungo ili ndi la paini wa ku Zomba." Ndinatembenukira kumbali kuti asaone misozi yanga.

Kuyambira pamenepo anakana kuti ndigwire mpando. "Musandigwire, ndiyendetsa ndekha." Anatsogola, ine ndikutsatira pambuyo ndi thumba la tiyi ndi mandasi. M'nyumba ndimawaveka, kuwasambitsa, kuwadulira nyama. Apa ankasankha okha poima ndi popitirira, ndipo anthu oyenda ndi agalu ankawapatukira n'kuwapatsa moni iwowo, osati kulankhula ndi ine ngati iwo palibe.

Mwezi wa Meyi ndinausankha dala. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumachuluka timidge, tizilombo toluma tochepa kuposa udzudzu, ndipo munthu wa dzanja limodzi sangathe kutiingitsa kwinaku akuwongolera sikuta. Bulangete lofunditsa miyendo musalisiye, chifukwa wokhala pansi amazizidwa msanga kuposa woyenda.

Kuzungulira konseko kunatitengera ola lathunthu chifukwa choimaima. Titafika pagalimoto ndinayamba kumasula mpando, koma bambo anayang'ana magetsi a batire n'kuona kuti lazima limodzi lokha. "Mayi, bwezerani mpandowo," anatero, "tizungulirenso."