Tambala kapena msoti?

Anzanga oweta nkhuku zachikuda, chonde musamapupulume kugula anapiye a sabata imodzi chifukwa choti wogulitsa walumbira kuti onse ndi misoti, pa msinkhu umenewo ngakhale agogo oti akhala akuweta moyo wawo onse amangoganizira basi. Dikirani afike masabata 5 kapena 6. Katambala lipombo limakula n'kufiira msanga, miyendo imanenepa, komanso kamakonda kutukula khosi n'kumajompha anzake, pomwe kamsoti lipombo limakhalabe laling'ono lotuwa. Pofika miyezi itatu nthenga za pakhosi ndi pamsana chakuchitsukwa za tambala zimasongoka, za msoti zimakhala zozungulira kunsonga.

Nanga zija amati dzira losongoka limaswa tambala, ayi ndithu ndi bodza limenelo, musamasiye mazira abwinobwino poikira thadzi.