Lupanga lomwe linkatchinga chitseko

Sabata ino takhala tikuphunzira za malupanga a bronze a ku Ulaya, ndipo aphunzitsi anatifunsa kuti: kodi anali omenyera nkhondo kapena ongodzionetsera ulemu? Ine ndinayankha msanga kuti ongodzionetsera. Bronze ndi mkuwa wosakaniza ndi tini pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo sachedwa kupindika akamenyedwa mwamphamvu. Tiniyo ankapezeka m'malo ochepa, monga ku Cornwall ku England. Ndani angakawonongere kunkhondo chinthu chodula chotero?

Umboni ndinali nawo. Ku Rudham, m'chigawo cha Norfolk ku England, mlimi wina anazula lupanga polima, n'kumangotchingira nalo chitseko kwa zaka zambiri. Ndi lalitali pafupifupi masentimita 70, losanola, lopanda ngakhale timabowo tomangirira chigwiriro. Amtundu umenewu apezeka 6 okha, ku England, France ndi Netherlands. Sungalase nalo munthu. Analipanga kuti anthu aziliyang'ana n'kumagwa mphwayi, ndipo asanalikwirire analipinda dala.

Ndiye ndinakumana ndi kafukufuku amene anatuluka mu 2020, wa gulu la Raphael Hermann ndi Andrea Dolfini a ku Newcastle University. Anasulitsa malupanga atsopano ofanana ndi akalewo, n'kupatsa akatswiri omenyana ndi malupanga kuti achite zenizeni. Kenako anayerekezera mabala a malupanga atsopanowo ndi a malupanga akale 110 a ku Britain ndi Italy. Anafanana! Mabalawo sanali achisawawa ayi. Ankaonetsa kuti eni ake ankapewa kuwombanitsa malupanga mwankhanza. Ankawagunditsa n'kukankhana nawo mwaluso, podziwa kufewa kwa chida chawo. Luso lotere sulipeza tsiku limodzi. Munthu amafunika nthawi yophunzira, pamene anzake ali kumunda kumulimira chakudya.

Apa m'pamene ndinaona kuti funso lija ndinalimva molakwika. Kudziwa kumenya ndi lupanga ndiko kunali ulemuwo.

Chimandisokonezabe n'chakuti kwathu kuno sitinadutse nyengo ya bronze, tinachoka pa miyala n'kufika pa chitsulo, choncho zaka zimandisakanikira. Ndalemba pakhoma malo omwe kunapezeka malupanga akale ndi zaka zake: Arslantepe ku Turkey, cha m'ma 3300 BC, Nördlingen ku Germany, cha m'ma 1300 BC. Lupanga la ku Nördlingen analifukula mu 2023 m'manda a mwamuna, mkazi ndi mnyamata, likadali lonyezimira. Mayeso ndi Lachinayi.