Tsiku limene ndinasambitsa lipenga la mpingo

Lipenga la bandi ya kumpingo kwathu ku Chibavi linkanunkha. Malovu a oimba akalekale anali atachita ndere m'katimo, ndiye ine monga wosunga zida ndinati lisambe Pepa Sande isanafike.

Mayi a kunyumba, amene mapoto awo amawala Chibavi yonse, anandipatsa madzi owira, phulusa ndi kamchenga. Ndinakwecha mpaka thukuta kamukamu, kuzizira kwa Mzuzu kwa mu Julayi osakumva n'komwe. Vanishi wa pamwamba anafundula ngati njoka. Mavalavu atatu aja, amene woimba amadina ndi zala, ndinawasolola, kuwapaka mafuta ophikira n'kuwabwezera mmene anandigwerera m'manja, kachitsulo ka pakamwa n'kukakhomerera ndi chikhatho.

Kuuzira, zii. Kuuziranso, masaya tuu, maso psuu, kunangotuluka kaphokoso kena kake kamene kanadzutsa apongozi anga pamkeka n'kupita kuseri kwa nyumba mwaulemu.

Wokonza njinga kumsika anati, "Zazing'ono izi, bigi," n'kuluma kachitsulo kaja ndi pulayala. Kanakana, koma mano a pulayala anatsala. Wowotcherera zitsulo ku Luwinga anayatsa moto ndisanamalize moni. Ndinalanda lipenga, liwiro.

Wakabaza amene anandinyamula ndiye anandifikitsa ku Zolozolo, kwa madala ena amene ankaimba m'bandi ya asilikali. Iwo sanathamangire chida chilichonse. Ananunkhiza lipenga kaye.

"Mwana wanga, mumafuna kulikazinga?"

Anasolola mavalavu n'kundionetsa manambala olembedwa pamenepo, 1, 2, 3. Iliyonse ili ndi chibowo chake, ya 1 kufupi ndi kukamwa. Mukasinthanitsa, mpweya umasowa njira. Kachitsulo kaja anakazula ndi kachipangizo kopota pang'onopang'ono, kosasiya chipsera. Kusambitsa lipenga, akuti, ndi madzi ofunda chabe, sopo wa mbale, kaburashi kofewa ndi mafuta ake opyapyala, osati a zitumbuwa. Mtengo ananeneratu asanayambe ntchito, ndipo za vanishi anandiuza poyera kuti sangathe. Mmisiri wonena kuti "sindingathe" ndinali ndisanamuonepo, moti ndinalipira osanenerera.

Lamulungu lipenga linalira bwino zedi, lili mawangamawanga. Abusa anafunsa ngati tagula lina pa kaunjika. Komiti itakhala pansi inandithokoza kwambiri, n'kundikweza udindo. Pano ndine wonyamula ng'oma yaikulu.